Henry Mwandumba

Henry Charles Mwandumba ndi dokotala wa ku Malawi komanso katswiri wa sayansi ya chitetezo cha m'thupi. Iye ndi pulofesa ku Liverpool School of Tropical Medicine ya ku United Kingdom ndiponso mkulu wa bungwe lochita kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, lomwe ambiri amangoti MLW, lili pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kafukufuku wake wambiri ndi wokhudza maselo oteteza mapapo, makamaka pofuna kudziwa chifukwa chimene anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV amadwalira kawirikawiri chifuwa chachikulu cha TB ndi chibayo. M'chaka cha 2019 analandira mphoto ya Royal Society Africa Prize.

Maphunziro ndi maudindo

Mwandumba anaphunzira udokotala ku University of Zimbabwe mumzinda wa Harare. Atamaliza kumeneko anapita ku Liverpool komwe anazama pa matenda a anthu akuluakulu ndi matenda opatsirana, ndipo anapeza digiri ya PhD ku University of Liverpool. Ntchito yake ya kafukufuku waigwira kwambiri ku Blantyre, pakati pa odwala a pa chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe anthu amachitcha Gulupu.

Bungwe la MLW linakhazikitsidwa m'chaka cha 1995 mogwirizana pakati pa sukulu ya madokotala ya College of Medicine, masukulu awiri a ku Liverpool ndi bungwe la Wellcome Trust lomwe limapereka ndalama. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991 pansi pa University of Malawi, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing n'kupanga Kamuzu University of Health Sciences. Mwandumba anatsogolera gulu la ku MLW lofufuza za chitetezo cha m'njira zopumira, kenaka anakhala wachiwiri kwa mkulu wa bungweli, pambuyo pake n'kukhala mkulu. Amene anatsogolerapo bungweli iye asanatero ndi Malcolm Molyneux, Robert Heyderman ndi Stephen Gordon. Anakhalaponso pulezidenti wa Federation of African Immunological Societies, chitaganya cha mabungwe a akatswiri a chitetezo cha m'thupi mu Africa.

Vuto lomwe kafukufukuyu akulimbana nalo

Chifuwa chachikulu chimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Mycobacterium tuberculosis, yemwe Robert Koch anamuzindikira mu 1882. Munthu amamutenga popuma mpweya womwe wodwala wakhosomolera. Anthu ambiri akamutenga sadwala, chifukwa thupi limamutsekereza. Kachilombo ka HIV kakalowa, mpanda umenewu umafooka. Cha m'ma 2000, odwala TB oposa 70 pa 100 alionse ku Malawi ankapezekanso ndi HIV. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo imfa zinachepa kwambiri, koma TB ikadali matenda omwe amapha kwambiri anthu omwe ali ndi kachilomboka. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti akuluakulu 8.9 pa 100 alionse ali ndi HIV, pamene mumzinda wa Blantyre anali 14.2 pa 100.

Madokotala ambiri amayeza chitetezo cha munthu poona magazi, monga kuwerenga maselo a CD4. Koma nkhondo ya TB imachitikira m'mapapo, ndipo zomwe zili m'magazi sizifanana nthawi zonse ndi zomwe zili m'mapapo. Apa ndi pomwe ntchito ya Mwandumba yagona: kuyeza maselo otengedwa m'mapapo enieni a anthu a ku Malawi, m'malo modalira magazi okha, mbewa za mu labotale kapena maselo oweta m'mabotolo.

Njira yotengera maselo

Kumapeto kwa tinjira ta mpweya m'mapapo kuli timatumba ting'onoting'ono momwe mpweya umalowera m'magazi. M'timatumbamo mumakhala maselo otchedwa macrophage, omwe ntchito yawo ndi kumeza fumbi ndi tizilombo tolowa ndi mpweya. Selo ikameza kachilombo imakatsekera m'kathumba kamkati mwake, n'kuthiramo asidi ndi michere yogaya mpaka kachilomboko kafe.

Kuti maselowa apezeke, dokotala amagwiritsa ntchito njira yotchedwa bronchoscopy. Munthu amapoperedwa mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, kenaka kapaipi kopyapyala kokhala ndi kamera kamalowetsedwa kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'mapapo. Madzi amchere oyera amathiridwa m'kagawo kamodzi ka phapo n'kuyamwidwanso, ndipo amabwera ndi maselo. Ku Blantyre njirayi yagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Imachitika pa anthu odzipereka okha, atafotokozeredwa ndi kusaina, komanso kafukufukuyo atavomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga ya COMREC. Malo omwe amatha kuchita zimenezi pa kafukufuku mu Africa ndi ochepa, n'chifukwa chake zotsatira za ku Blantyre zimafunidwa ndi asayansi a m'mayiko ena.

Zolemba zake zikuluzikulu

Mu 2004 Mwandumba anatsogolera pepala lomwe linatuluka m'magazini ya Journal of Immunology, lomwe analemba pamodzi ndi David Russell wa ku Cornell University ku America, Malcolm Molyneux, Bertel Squire ndi ena. Zisanachitike izi, asayansi anali ataona kale mu labotale kuti bakiteriya wa TB amalepheretsa kathumba komwe watsekeredwa kuti kadzaze asidi. Armstrong ndi Hart anafotokoza mbali ina ya zimenezi mu 1971, ndipo gulu la Russell linaonjezera umboni mu 1994. Pepala la 2004 linasonyeza kuti zimenezi zimachitikadi m'maselo otengedwa m'mapapo a odwala TB. Bakiteriya ankapezeka m'timatumba topanda asidi wokwanira, chikhalirecho maselowo anali akadali ndi mphamvu yomeza zinthu zina ndi kuziika m'timatumba ta asidi, ngakhale mwa odwala omwe analinso ndi HIV. Tanthauzo lake ndi lakuti bakiteriyayo amadzikonzera yekha pobisala mkati mwa selo lomwe limayenera kumupha.

Mu 2014 gulu lake linatulutsa mapepala awiri omwe mlembi woyamba anali Kondwani Jambo. Loyamba, m'magazini ya Mucosal Immunology, linagwiritsa ntchito njira yowalitsa zizindikiro za HIV mkati mwa selo lililonse palokha. Linapeza kuti kachilomboka kamakonda kulowa m'maselo ang'onoang'ono mwa ma macrophage a m'mapapo, ndipo maselo omwe kalowamo samezanso bwino tizilombo. Izi zinalimbikitsa mfundo yakuti HIV sikhala m'maselo a CD4 okha, koma imabisalanso m'mapapo.

Lachiwiri, m'magazini ya American Journal of Respiratory and Critical Care Medicine, linayerekeza anthu opanda HIV, anthu omwe sanayambe ma ARV, ndi omwe akhala akumwa ma ARV kwa zaka zosiyanasiyana. Linapeza kuti mwa anthu omwe anali atamwa mankhwalawa kwa zaka zosakwana 4, maselo a m'mapapo olimbana ndi TB anali adakali ofooka ngakhale anthuwo ankaoneka athanzi, ndipo chitetezocho chinkaoneka chobwerera mwa omwe anali atamwa kwa zaka 4 kapena kupitirira. Zotsatirazi zimathandiza kumvetsa chifukwa chimene munthu angadwalire TB chikhalirecho akumwa ma ARV mokhulupirika.

Mu 2019 Mwandumba ndi Jambo anali m'gulu la olemba pepala la m'magazini ya Proceedings of the National Academy of Sciences, lotsogoleredwa ndi Saikat Boliar ndi David Russell. Pepalali linafufuza chifukwa chimene macrophage yolowedwa ndi HIV siifa msanga monga amafera maselo a CD4. Linapeza kachidutswa ka RNA kotchedwa SAF komwe kamachuluka m'maselo oterewa, ndipo kachidutswako kakaletsedwa kugwira ntchito maselo okhala ndi kachilomboka amafa. Maselo a m'mapapo a anthu a ku Blantyre anathandiza kutsimikiza kuti kachidutswaka kamachulukadi mwa anthu. Mu 2021, m'magazini ya Journal of Experimental Medicine, gulu lomweli pamodzi ndi Davide Pisu linayeza maselo limodzilimodzi n'kusonyeza kuti ma macrophage a m'mapapo ali m'magulu osiyana: ena amapanikiza bakiteriya wa TB, ena amamulola kukula.

Momwe mphamvu ya zolemba imayezedwera

Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba pepala n'kulitumiza ku magazini ya akatswiri. Akonzi amalipereka kwa akatswiri ena kuti aliunike, ndipo likakhutiritsa limasindikizidwa. Wasayansi wina akagwiritsa ntchito zotsatirazo m'pepala lake amatchula pepala loyambalo kumapeto. Kutchulidwa kumeneku kumawerengedwa, ndipo ndi njira yodziwika kwambiri yoyezera ngati ntchito ya munthu yagwiritsidwa ntchito ndi anzake.

Amene anayambitsa kuwerenga kotereku mwadongosolo ndi Eugene Garfield, yemwe anakhazikitsa Science Citation Index mu 1964. Lero ntchitoyi imachitika pa intaneti kudzera pa Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Ziwiri zomalizazi zinayamba mu 2004. PubMed, ya boma la America, imasunga mndandanda wa mapepala a zaumoyo ndipo aliyense angaisanthule kwaulere polemba dzina la mlembi, mwachitsanzo Mwandumba HC. Manambala a malo amenewa safanana. Google Scholar imawerengera zinthu zambiri, kuphatikizapo mabuku a ophunzira a digiri ndi mapepala omwe sanaunikidwe, choncho chiwerengero chake chimakhala chokwera kuposa cha Scopus kapena Web of Science. Manambalawa amasinthanso mwezi ndi mwezi, motero wowatchula amayenera kunena komwe wawatenga ndi tsiku lake.

Muyeso wina wotchuka ndi h-index, womwe Jorge Hirsch anaupereka mu 2005. Munthu ali ndi h-index ya 10 ngati ali ndi mapepala 10 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Mwachitsanzo, wasayansi wa mapepala 7 omwe atchulidwa ka 40, 25, 12, 6, 5, 3 ndi 1 ali ndi h-index ya 5, chifukwa mapepala 5 afika kapena kupitirira ka 5, koma lachisanu ndi chimodzi silinafike ka 6. Muyesowu umaphatikiza kuchuluka kwa mapepala ndi kugwiritsidwa ntchito kwake, kotero pepala limodzi lotchuka kwambiri silingaukweze lokha.

Palinso impact factor, womwe ndi muyeso wa magazini, osati wa munthu. Umapezeka potenga nthawi zomwe mapepala a zaka ziwiri zapitazo atchulidwa m'chaka chino, n'kugawa ndi chiwerengero cha mapepalawo.

Malo a dzina pa mndandanda wa olemba nawonso amanena zambiri. Pa sayansi ya zaumoyo, dzina loyamba limakhala la yemwe wagwira ntchito yaikulu mu labotale ndi kulemba, pamene lomaliza limakhala la mtsogoleri wa gulu. Pa pepala la 2004 Mwandumba anali woyamba. Pa mapepala awiri a 2014 anali womaliza, ndipo woyamba anali Jambo. Kusintha kumeneku kumasonyeza kuti m'zaka khumi anachoka pa wofufuza wachinyamata n'kufika pa mtsogoleri wolera asayansi ena.

Mapepala a gulu lake amatchulidwa makamaka m'mbali zitatu: m'zolemba zofotokoza momwe HIV ndi TB zimathandizirana kuononga thupi, m'kafukufuku wa malo omwe HIV imabisala munthu ali pa ma ARV, ndiponso m'ntchito zoyeza maselo a m'mapapo a anthu. Chomwe chimachititsa kuti atchulidwe ndi chakuti umboni wake ndi wochokera mwa anthu enieni, m'dziko lomwe matendawa ndi ochuluka.

Malire a manambalawa

Kuwerenga kutchulidwa kuli ndi zofooka zodziwika. Pepala lingatchulidwe chifukwa ena akulitsutsa. Mlembi angadzitchule yekha mobwerezabwereza. Mapepala ongosonkhanitsa zomwe ena apeza amatchulidwa kwambiri kuposa ambiri mwa mapepala a kafukufuku watsopano. Nthambi za sayansi nazonso n'zosiyana: pa chitetezo cha m'thupi anthu amatchulana kwambiri kuposa pa masamu, choncho manambala a nthambi ziwirizi sangayerekezedwe. H-index siitsika ndipo imakula ndi zaka, motero imakomera achikulire.

Kwa wasayansi wa ku Malawi palinso zina. Kafukufuku wa bronchoscopy amatenga nthawi yaitali ndipo amachitika pa anthu ochepa, chifukwa aliyense amafunika dokotala, namwino ndi chipinda chapadera. Mankhwala a mu labotale ndi zida zokonzera makina zimachokera kunja. Magazini ambiri amalipiritsa ndalama zakunja kuti pepala liwerengedwe kwaulere. Magazini ena a mu Africa sali pa mindandanda ikuluikulu, ngakhale kuti Malawi Medical Journal imapezeka pa PubMed. Pa mgwirizano wa mayiko olemera ndi osauka, kwakhala kudandaula kuti asayansi a kuno amatolera magazi ndi maselo koma mayina awo amaikidwa pakati pa mndandanda. Mu 2022 magazini ya Anaesthesia inasindikiza mfundo zolimbikitsa chilungamo pa kuika mayina a olemba, zomwe mlembi wake woyamba anali Ben Morton, dokotala wa ku Liverpool yemwe wagwirapo ntchito ku MLW.

Pazifukwa zoterezi, mu 2012 akonzi ndi asayansi omwe anakumana ku San Francisco anakonza chikalata chotchedwa DORA, chopempha kuti impact factor isagwiritsidwe ntchito poweruza wasayansi pa nkhani ya ntchito, kukwezedwa kapena ndalama za kafukufuku. Mu 2015 magazini ya Nature inasindikiza Leiden Manifesto, yokhala ndi mfundo 10, yomwe mfundo yake yoyamba ndi yakuti manambala azithandizira kuunika kwa akatswiri, osati kulowa m'malo mwake. Wellcome Trust ndi limodzi mwa mabungwe omwe anasaina DORA.

Mphoto ndi kulera asayansi ena

Mu 2015 Cornell University inamuitana Mwandumba monga Distinguished Africanist Scholar. Mu 2017 analandira thandizo la African Research Leader lochokera ku Medical Research Council ndi nthambi ya boma la Britain yoona za chitukuko cha mayiko ena. Popereka mphoto ya 2019, bungwe la Royal Society linatchula zinthu ziwiri: ntchito yake yofotokoza kathumba komwe bakiteriya wa TB amakhala m'maselo a m'mapapo a anthu omwe ali ndi HIV, ndi utsogoleri wake ku College of Medicine. Mu 2022 bungwe la Royal College of Physicians la ku London linamupatsa mphoto ya Weber-Parkes, yomwe imaperekedwa pa ntchito yolimbana ndi TB.

Mbali ina ya zipatso za ntchito yake imaoneka mwa anthu omwe anakulira m'gulu lake. Kondwani Jambo pano ndi pulofesa ndipo amatsogolera gulu lakelake ku MLW. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, gulu la Jambo linayeza magazi a ogwira ntchito zachipatala 500 ku Blantyre n'kupeza kuti pafupifupi 12 pa 100 alionse anali atatenga kale kachilomboko, chiwerengero chomwe chinali chokwera poyerekeza ndi imfa zomwe zinalembedwa. Mu 2021 gululi linayeza magazi a anthu opereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service n'kupeza kuti pofika pakati pa chakacho ambiri mwa iwo anali atakumana kale ndi kachilomboko. Ntchitozi zinatheka msanga chifukwa makina ndi anthu odziwa kuwagwiritsa ntchito analipo kale.

Kufunika kwake kumadera a kumudzi a Blantyre

Boma la Blantyre lilibe chipatala chaboma cha pa boma monga momwe zilili ku Chiradzulu kapena ku Thyolo. Odwala a ku Chileka, ku Lirangwe ndi m'midzi ya Mfumu Chigaru amayambira pa zipatala zazing'ono za m'madera awo, ena amapita ku chipatala cha mishoni cha Mlambe ku Lunzu, ndipo matenda akakula amatumizidwa ku Gulupu. Motero odwala omwe madokotala ofufuza amawaona m'mawodi a chipatalachi si a mumzinda okha.

Kafukufuku wa Mwandumba ndi wa mu labotale, ndipo satulutsa mankhwala atsopano nthawi yomweyo. Komabe amafotokoza zinthu zomwe mlangizi wa zaumoyo wa ku Lirangwe amakumana nazo. Munthu yemwe wayamba ma ARV n'kunenepa akhoza kudwalabe TB chifukwa mapapo amachedwa kupezanso chitetezo. Zimenezi zikugwirizana ndi malangizo omwe amaperekedwa kale m'zipatala: kuyamba ma ARV msanga, kufunsidwa za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda pa ulendo uliwonse wokatenga mankhwala, kupereka makhololo kuti ayezedwe, ndi kumwa mankhwala oteteza ku TB monga isoniazid. Katemera wa BCG, yemwe ana amabayidwa akangobadwa, anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1921 ndipo amateteza ana ku TB yoopsa, koma sateteza mokwanira akuluakulu ku TB ya m'mapapo. Opanga katemera watsopano amafunika kudziwa mtundu wa chitetezo chomwe chimagwira ntchito m'mapapomo.

Ntchitoyi imadaliranso chikhulupiriro cha anthu. Pepala la 2008 m'magazini ya Journal of Medical Ethics, lotsogoleredwa ndi Neema Mtunthama, linapeza kuti ambiri mwa omwe ankavomera bronchoscopy ya kafukufuku ku Blantyre ankatero poyembekezera kupimidwa ndi kulandira chithandizo. Izi zinaonetsa kufunika kofotokozera anthu kusiyana kwa kafukufuku ndi chithandizo. Mphekesera za anamapopa, monga zomwe zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mu 2017 n'kufikanso ku Blantyre, zimasonyeza momwe nkhani ya kutenga magazi ingasokonekerere. MLW imagwira ntchito ndi magulu a alangizi osankhidwa m'madera, komanso yakhala ikuulutsa pulogalamu ya pawailesi ya Umoyo Nkukambirana pofuna kubweza zotsatira za kafukufuku kwa anthu m'Chichewa. Zotsatira zofika kwa anthu mwa njira imeneyi siziwerengedwa pa Scopus kapena Google Scholar.